Mutu wa Dolifini pa Tebulo la Ababa

Lolemba, 3 Juni 2024

Ndafika. Minibasi mpaka pa boma, kabaza mpaka ku malaini a fakitale. Mapepala onse ali bwinobwino. Ku Ndirande denga linandidonthezera pa chithunzi cha masabata awiri. Sindikanakhalanso.

Nyumba ndi yomwe ija. Fungo la girisi ndi sopo. Ababa akalamba m'khosi, m'manja ayi. Zaka 37 ali fitala, wokonza makina, pa fakitale ya tiyi, kumapeto kwa mwezi uno akupuma, nyumbayi n'kubweza ku esiteti. Makutu anatha kalekale ndi phokoso la makina. Kuti amve, uime kutsogolo kwawo n'kukuwa, apo ayi ulembe.

Ndilembe pano kuti ndisamadzinamize. Ntchito: zithunzi khumi za anamgumi a mano, kumene anachokera ndi mmene matupi awo alili mkati. N'za chipinda chatsopano ku myuziyamu ina ku Cape Town. Zisanu ndi ziwiri anazivomera. Chachisanu ndi chitatu, mkati mwa mutu wa dolifini, a Dokotala oyang'anira ntchitoyi achibweza kawiri. Mayi abwino, koma sasekerera. Andipatsa mpaka pa 28. Chikalephekanso, zotsalazo apatsa wina.

Ine amene nyanja yamchere sindinaionepo.

Ababa poona chikwama cha mapepala: "Ndiye unasiyadi ana asukulu chifukwa cha nsomba?" Ndati si nsomba, zimayamwitsa. Sanamve. Kapena amva.

Lachitatu, 5 Juni

Chiperoni kuyambira m'mawa. Minda ya tiyi sikuoneka, phiri silikuoneka. Pepala likumwa chinyezi, kupindika m'mbali. Mbaula pansi pa tebulo.

Ndapachika zovomerezedwa zija pa chingwe cha zovala, m'chipinda chochezera, kuti zizindilimbitsa mtima. Choyamba, kanyama ka miyendo inayi, msinkhu wa galu wamkulu, m'mphepete mwa mtsinje zaka 50 miliyoni zapitazo. Ndani angati ameneyu ndi gogo wa dolifini? Chotsatira chayamba kusambira, mapazi otambalala, mutu ngati wa ng'ona. Kenako mphuno ikusamuka, kuchoka kunsonga kwa mlomo, kukwera pang'onopang'ono mpaka paliwombo. Miyendo yakumbuyo ikufota. Pa chachisanu tatsala timiyendo ta mwana wa nazale pa thupi lalitali kuposa basi.

Cha mano chinandidyera mwezi. Dolifini, oposa mazana awiri, onse ofanana ngati misomali. Namgumi wina wa mutu waukulu, ndimangomuti Chimutu, akunsi okhaokha. Wina wa kumadzi oundana dzino limodzi lokha, kubowola mlomo, kutalika kuposa chitseko.

Koma chimene ndimachikonda mpaka kuchita manyazi ndi cha chipsepse. Ukachisenda, mkati muli zala zisanu. Ndinajambula ndikuyang'ana dzanja langa lamanzere.

Ababa pobwera ku lanchi anaima pa chingwepo mphindi mwina khumi, manja kumbuyo, ovolosi osavula. Anadya, n'kubwerera.

Lachisanu, 7 Juni

Mapepala atatu ong'amba. Lachinayi ndangolitembenuza.

Imelo ya a Dokotala ndaiwerenga mpaka kuiloweza. Akuti chithunzi n'chokongola koma n'chakufa, mwana wasukulu akachiona sangadziwe kuti mawu akuchokera pati. Zoona. Inenso sindikudziwa. Ndakhala ndikungokopera zimene ananditumizira, kathumba apa, kanjira apo, mafuta a pachipumi, osamvetsa kuti chikukankha chinzake n'chiti.

Zimene ndikudziwa: pansi pa nyanja ndi mdima. Dolifini sadalira maso okha. Amatulutsa timawu, tik-tik-tik, mazanamazana pa sekondi imodzi. Tikagunda nsomba timabwerera, iye n'kudziwa kukula kwake ndi kumene ikuthawira. Mawuwo sachokera pakhosi ngati athu. Amachokera m'mphuno. Ndipo mpweya sutuluka kunja, poti pansi pamadzi palibe kokatenga wina. Ndiye umapita kuti?

Dzuwa likulowa, Sabata likuyamba. Ndatseka utoto. M'nyumba ya Ababa bulashi siigwidwa mpaka mawa madzulo.

Sabata, 8 Juni

Kutchalitchi. Azakhali Eneless, mlongo wawo wa Ababa, abwera kuchokera ku Khonjeni ndi kalongonda ndi mapeyala. Andionetsa kwa amayi onse: "Uyu ndi Mtisunge uja, amajambula zinsomba za azungu." Mayi wina anafunsa ngati ndi chimene chinameza Yona. Ndinati mwina, chilipo chimodzi cha kummero kokwanira. Anakhutira.

Masana, azakhali atagona pa mphasa, Ababa andikodola. Chala pa chithunzi chachiwiri, pamene ndinakulitsa fupa limodzi la phazi pambali. Ndatenga kalendala yakale. Kulemba kuseri kwake si ntchito, ndiko kucheza kwathu. FUPA LA PA KAKOLO. LOFANANA NDI LA MBUZI, NG'OMBE, NKHUMBA, MVUU. NDIWO UMBONI WOTI PALI CHIBALE.

Awerenga. "Mbuzi?" Ndavomera ndi mutu. "Mbuzi yomweyi?" Ayang'ananso fupalo nthawi yaitali, ndi nkhope ija amachita akaona nati yomangidwa mopingasa.

Lachiwiri, 11 Juni

Lamulungu Ababa anasowa tsiku lonse. Kani anakwera kabaza mpaka ku Masambanjati, kwa a Zakeyu opha mbuzi, mnzawo wakale. Anabwerako ndi mwendo umodzi wakumbuyo wa mbuzi. Anauwiritsa kuseri kwa nyumba m'chitini cha penti, kupala ndi kampeni, kutsuka ndi phulusa, kuyanika padenga. Ine osadziwa kalikonse.

Lero m'mawa ndapeza kafupa pa tebulo, pa kambale. Koyera, kosalala, kochepa kuposa bokosi la machesi.

"Pule ziwiri, ngati zoyendapo lamba wa makina," atero ali pakhomo, chipewa kumutu kale. "Ina kumwamba, ina kunsi. Iwe wajambula imodzi ndi theka. Lamba wake sangayende."

Ndinapsa mtima. Chithunzi chimene a Dokotala eniake anachivomera! Atapita ndinatenga kafupako, kukatembenuza pawindo, kuyerekeza ndi zithunzi za fupa lenileni limene anafukula ku Pakistan. Mzere wakunsi ndinaufupikitsa. Mthunzi unandinamiza. Akunena zoona.

Ndakonza. Maola awiri. Kafupa kokongola bwanji! Moyo wanga wonse ndakhala ndikudya mbuzi n'kumataya zoterezi kwa agalu.

Lachinayi, 13 Juni

Ndadzichepetsa. Atabwera kuntchito ndawayalira zonse za mutu wa dolifini: zithunzi za makina ounikira mkati, zojambula zanga zolephera. Anasamba kaye m'manja, kawiri. Magalasi. Kenako mafunso, ngati apatsidwa mashini achilendo opanda buku lake.

Mpweya ukuchokera kuti? Chikuupopa n'chiyani? Valavu ili pati? Ukadutsa pa valavu ukusungidwa kuti? Ukubwerera njira yomweyo kapena pali ina? Madzi akuletsedwa ndi chiyani kulowa?

Ndinayankha atatu. Enawo ndinangoyang'ana pansi. "Ndiye ukujambula chiyani?" Sanafunse mwachipongwe. Amafunadi kudziwa.

Ku koleji palibe anandifunsapo choncho. Tinkafunsana za utoto ndi kuwala.

Ndatumiza mafunso onse kwa a Dokotala. Netiweki imapezeka pa chulu cha kuseri kwa ofesi ya esiteti. Abambo odulira tiyi andiseka, ndili chiimire, foni m'mwamba, ngati ndikuitana mvula.

Lolemba, 17 Juni

Yankho la masamba atatu! A Dokotala sanandilemberepo zoposa mizere isanu. Akuti awa ndiye mafunso.

Ndilembe m'mawu anga ndisanaiwale. Minofu imakankha mpweya kuchokera kunsi kwa mphuno, kudutsa pa timilomo tiwiri tothinana. Timilomoto tikamenyana, ndiye tik uja. Mpweya umakasonkhana m'kathumba pansi pa bowo lopumira, bowolo lili chitsekere. Kathumba kakadzaza, mpweya womwewo umabwezedwa pansi, n'kuyambiranso. Mpweya umodzi, ntchito kambirimbiri. Mafuta a pachipumi amasonkhanitsa mawuwo n'kuwaponya kutsogolo ngati tochi. Pobwerera salowera pa bowo la khutu. Amalowera m'chibwano chakunsi, mmene muli mafuta ena, mpaka kukafika mkati mwa khutu.

Kumapeto afunsa: kodi mwapeza injiniya wokuthandizani?

Ndayankha pa chulu pomwepo: ayi, ndangokhala pansi n'kuganiza bwino.

Chifukwa chake sindikuchidziwa. Bodza, ndikuchidziwa. Ndinaopa kuti aganiza kuti nzeru za ntchitoyi si zanga.

Ababa ndawafotokozera zonse kupatula mzere womalizawo. Pa nkhani ya chibwano anavula magalasi. "Chimamvera m'chibwano?" Aseka mpaka kutsokomola. Akuti Lachitatu ndivale nsapato zotseka, tikupitira limodzi ku fakitale.

Lachitatu, 19 Juni

Nyengo ino masamba ndi ochepa, makina ambiri ali chiphwasulire, akukonzedwa. Koma mafani aakulu a kofotetsera masamba amayenda. Phokoso mpaka m'mano. Ndinalowamo komaliza ndili Sitandade 4, tsiku limene ndinawapititsira chakudya.

Aliyense: "Madala! Madala!" Ngakhale manijala, wa digiri yake, anawafunsa kaye asanayatse makina odulira masamba.

Ababa atulutsa sikuludilaiva yaitali ngati mkono, chogwirira chathabwa chakuda ndi thukuta la zaka. Nsonga pa chitsulo chimene muli bering'i, chogwirira pa chibwano chawo, kunsi kwa khutu. Maso otseka. Asuntha, bering'i ina. Ina. Pa yachinayi andikodola.

Anandigwirira okha, ine zala m'makutu. Poyamba phokoso chabe. Kenako, mkati mwa mutu mwanga momwe, kanthu kakang'ono: kre, kre, kre. Ngati mchenga mu mpunga. Pa bering'i yoyandikana nayo: mmmm, myaa.

"Imeneyi yatsala ndi masabata awiri!" anakuwa, n'kulembapo X ndi choko.

Zaka makumi awiri akumvera makina ndi fupa. Ine ndinkati Ababa samva. Ndinkauza anzanga choncho ku tauni, ndi kachisoni kaja kodzionetsera.

Pobwerera, m'kanjira ka pakati pa tiyi wodulidwa, ndinayenda kumbuyo kwawo kuti asaone nkhope yanga.

Lachisanu, 21 Juni

Amanga mutu wa dolifini. Masiku awiri, akaweruka, pa tebulo langa lomwe, ine mapepala pamiyendo.

Pampu ya njinga, chubu chakale, kapaipi, baluni. Timilomo tija, zidutswa ziwiri za labala wa silipasi zomangidwa ndi mphira. Chipumi, sopo wochapira wosemedwa ndi mpeni. Chibwano, cha mbuzi, choitanitsa kwa a Zakeyu. Zonse pa thabwa, mkati mwa waya wopindidwa potsata chojambula changa.

Koyamba chinangoti pfyuu. Kachiwiri chimodzimodzi. Anapala labala, kuthina mphira, kunyowetsa ndi malovu. Akuti labala wouma samenya. Kachitatu: trrrrr! Baluni kufufuma. Kufinya baluni, mpweya kubwerera. Kupopanso: trrrrr! Azakhali Eneless, amene angofika kudzathandiza kulongedza, anaponya lichero: "Achimwene, mwayamba ufiti muukalamba?"

Ababa kulirako sanakumve. Anaika chala pa labala. Kumwetulira kwake!

Ndipo ndinaona pamene ndinkalakwa. Chinthu choyenda ndinkachijambula chitaima. Sipafunika mutu umodzi. Waukulu pakati, wosendedwa mbali imodzi, ndiye timitu titatu kunsi kwake: mpweya ukukwera, timilomo tikumenya, kathumba kakubweza. Mpweya wa buluu. Mawu otuluka ofiira. Obwerera achikasu, kulowa m'chibwano.

Sabata lisanayambe ndinawafunsa pa kalendala ngati zaka mamiliyoni zija sizikuwavuta, iwo dikoni. Anaganiza. "Zaka zakozo sindinaziwerenge, kunalibe ine. Koma amene anaika valavu imeneyi pamenepa ntchito amaidziwa."

Lolemba, 24 Juni

Kujambula kuyambira dzulo m'mawa. Chikuyenda. Dzanja likudziwa kopita.

Koma zavuta. Masana ndinawasiyira Ababa tabuleti kuti aone zithunzi za chigaza, ine ndikuphika. Chigaza cha dolifini n'chopotoka, mbali yakumanja yaikulu kuposa yakumanzere, ndiye amafuna aone ngati waya wawo akugwirizana nacho. Chala chawo n'chachikulu. Chinatsegula maimelo. Chingerezi amawerenga. Mabuku onse aja a makina ankawawerengera ndani?

Ndinawapeza atakhala, tabuleti pa mawondo, pa mzere womwewo wa bodza langa.

"Wachita bwino," anatero motsitsa, iwo amene salankhula motsitsa. "Fitala wa Sitandade 6 akanakuchotsera ulemu."

Ndinayamba kufotokoza. Anangotembenuza nkhope. Akatero ndiye basi, palibe polowera. Anatenga nkhwangwa, kukawaza nkhuni zimene tisamuka tisanazisonkhe.

Chakudya chawo adya chozizira.

Lachiwiri, 25 Juni

M'mawa wonse osajambula. Azakhali, akukulunga makapu m'manyuzipepala, osandiyang'ana: "Bambo ako anakulera okha chimwalirireni amayi ako, uli ndi zaka zisanu. Sanakane kuti uzijambula. Ankaopa kuti udzavutika ngati msuweni wathu woimba gitala uja. Felemu ya satifiketi yako anakhoma okha." Sindinafunse. Anangonena.

Ndapita pa chulu. Ndalemba zoona. Mafunso aja si anga, ndi a bambo anga, a Jacob Namakhwa, fitala. Fupa la chithunzi chachiwiri ndinalakwitsa, anaona ndi iwo, nali lokonzedwa. Ndinanama chifukwa cha mantha. Ndaphatikiza kavidiyo ka chipangizo chawo chikulira, manja awo okha akuoneka.

Chala chinaima pa batani nthawi yaitali. Akhoza kunena kuti wojambula wabodza, wosaona fupa, samufuna.

Yapita.

Ababa sindinawauze. Zingakhale ngati ndikugula chikhululuko.

Lachinayi, 27 Juni

Chithunzi chatha dzulo 4 koloko. Choposa zonse zimene ndinajambulapo. Ndikudziwa ngakhale wina asanene.

Lero ku Limbe kukachita sikani. Mvula ya mawawa. Nkhawa yanga inali pepala mu minibasi. Ndikutsegula chitseko m'mawa: paipi ya pulasitiki, yodulidwa muyeso wake ndendende, zotsekera mbali zonse ziwiri, lamba wa chikwama chakale wokolekera paphewa. Mkati mopukuta bwino. Eniake anali atapita kale kuntchito. Masiku atatu osandiyankhula, koma pepala langa analiyeza.

Kondakitala amafuna paipi ikwere kubuti, pamodzi ndi mikoko ya nthochi. Ndinakana mpaka anthu kuseka. Ndinaifungatira mpaka ku Limbe.

Ndatumiza 2:15. Za imelo ya Lachiwiri, zii.

Lachisanu, 28 Juni

Tsiku lomaliza la Ababa. Ovolosi anasita okha. Mwambo pa bwalo la fakitale: zakumwa, mabanzi, zolankhula. Bulangete ndi wotchi ya pakhoma. Manijala analankhula mphindi makumi awiri, Ababa akugwedeza mutu akaona ena akugwedeza. Palibe liwu limene analimva.

Kenako anzawo a ku wekishopu anabweretsa bering'i ija ya X. Anaichotsa dzulo. Anaitsegula pamaso pa onse: timipira tiwiri todyeka, kamodzi kosweka pakati. Anaipereka m'manja mwawo ngati chikho cha mpira. Apo ndiye anamva. M'manja, malikhweru, amayi otchola tiyi nthungululu. Inenso, mwana wophunzira, nthungululu mpaka kusasa mawu.

Sikuludilaiva sanapatse munthu. Anangoisiya pa benchi ya wekishopu, n'kutuluka osacheuka.

Ku Cape Town zii. Ndakwera chulu kanayi.

Lachiwiri, 2 Julayi

Yabwera.

Avomera. Chimodzi chokha: kathumba kakumanja ndikakulitse pang'ono. Ziwiri zotsalazo ndi zanga. Chimutu, amene amamira kupitirira kilomita, ola lathunthu, ndi mpweya umodzi. Ndiye chomaliza, mtengo wa chibale chonse.

Za bodza langa, mzere umodzi wouma: musadzabwerezenso. Ndaulandira.

Ndiye izi. Kavidiyo aonetsa anzawo onse. Akufuna kupanga chipangizo chonga chomwecho, chachikulu, choti ana azipopa okha. Akupempha chilolezo cha Bambo Namakhwa, ndi miyeso. Dzina lawo pa khoma, pambali pa langa.

Ndinathamanga kuchokera pa chulu, silipasi imodzi kutsala m'tiyi. Ababa ndinawapeza akumasula bedi. Esiteti yatipatsa mpaka Lachisanu. Ndinangowapatsa tabuleti, kuyambira pa imelo yanga ya Lachiwiri lija. Anawerenga yanga. Anawerenga ya a Dokotala. Anabwereranso ku yanga, mlomo ukuyenda. Anavula magalasi, kupukuta ndi malaya, nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira.

"Uwauze asagwiritse labala wa silipasi. Satha mwezi. Apeze wa gasiketi ya makina."

Patapita kanthawi: "Chimutucho mpweya wake umayenda bwanji?"

Masana onse miyeso. Iwo tepi, ine pensulo. Bedi linatsala chimasulire theka.

Lachisanu, 5 Julayi

Lole ya esiteti, 7 koloko. Katundu wa zaka 37 sanadzaze n'komwe. Makiyi kwa kalaliki wa nyumba. Anthu a m'malaini kutiperekeza mpaka pa mseu.

Ababa anakana kukhala kutsogolo. Kumbuyo, pa matilesi, mutu wa dolifini pamiyendo, atauphimba ndi bulangete latsopano lija. Pa bampu iliyonse pampu kudzikankha yokha, kanthu kulira pansi pa bulangete. Azakhali kusuntha, kukhala kutali.

Tiyi anatha, kunayamba chinangwa ndi nandolo. Sanayang'ane kumbuyo. Ine ndinayang'ana, mpaka chumuni cha fakitale chitabisika.

Lamulungu, 7 Julayi

Khonjeni. Nyumba ya njerwa zowotcha, zipinda ziwiri, mawindo alibe magalasi. Tebulo langa pansi pa mtengo wa mapeyala. Netiweki pakhomo pomwe. Ndayamba Chimutu, mizere yoyamba.

Cha m'ma 10 Ababa abwera ndi mpando wawo. Ndimayesa ndi za namgumi. M'manja kaenvulopu kakhaki. Chithunzi cha ukwati wawo. Sindinkadziwa kuti chilipo. Chiswe ndi chinyezi zinadya mbali yonse ya kumanzere. Ababa alipo, suti yowakulira, tsitsi lambiri. Pambali pawo patsala dzanja lokha, litagwira mkono wawo, ndi kansonga ka velo. Akuti china kulibe, kulikonse. Anafunsa abale onse.

Dzina la amayi sanalitchulepo pamaso panga chiwaikireni m'manda.

"Zinyama zakozi sunazionepo." Akutembenuza envulopu. "Mildred ungamuthe?"

Ndinalemba: NKHOPE YAWO SINDIKUIKUMBUKA.

"Ine ndikuikumbuka. Iwe gwira pensulo." Akuti chipumi ndi changachi, ndisavutike, ndikabwereke galasi kwa azakhali. Mano a kutsogolo anali ndi kampata. Maso ayi, maso si anga. Maso anali... Anaima pamenepo, kuyang'ana kumunda. Akuti bola ayambe ndi tsiku limene anawaona koyamba, pa sikelo ya masamba, dengu kumsana, mvula ikugwa, akukangana ndi kapitawo.

Apita kukamwa madzi. Ndachotsa Chimutu pa bolodi. Ndamata pepala latsopano, labwino kuposa onse amene ndili nawo. Mapensulo atatu osongola. Akubwera